Kafoni Koimiritsa a Rodgers

Mtendere, Lusaka
Lachinayi, 17 Okutobala

Okondedwa alamu anga a Taonga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Joni. Muli bwanji, inu ndi ana? Nanga mapazi aja ankatupa chifukwa choima tsiku lonse m'chipatala, aphwa? Ine ndinakuuzani kuti muziwaviika m'madzi a mchere, koma inu anamwino simumva malangizo a ife ogulitsa zovala za salaula.

Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Tiwo ali bwino, ndipo pakamwa watengera azakhali ake ena, dzina sinditchula. Dzuwa la Okutobala likutiphika, magetsi akubwera maola atatu basi, tsiku lina osabwera n'komwe. Alongo anu a Rodgers ali moyo, koma ndikati ali bwino ndinama, ndipo kunama ndatopa nako.

Mudabwa kulandira kalata yapapepala kuchokera kwa ine amene ndimakutopetsani ndi mauthenga a mawu pa foni. Nyumba yathu mukuidziwa, zipinda ziwiri ndi katani pakati. Ndikatsokomola kuchipinda, alongo anu amati pepa ali pabalaza. Nkhani imene ndili nayo si yonenera pamenepo. Kalatayi ndipatsira a Eugene, kondakitala wa basi ya ku Joni amene timapemphera nawo, anyamuka Loweruka m'mawa.

Zambiri mukuzidziwa, koma ndiloleni ndiyambire poyambira. Ndikayambira pakati ndidzikhululukira msanga.

Papita zaka zitatu chigwereni a Rodgers pamwamba pa nsanja ya thanki ya madzi imene ankawotcherera kumayadi. Msana unathyoka, kuyambira m'chiuno kutsika mmusi kunangoti zii. Munthu amene ankanyamula geti lachitsulo yekha ku Kalingalinga anayamba kunyamulidwa ndi ine. Zaka ziwiri anakhala pa njinga ya olumala, ndipo ine ndinaphunzira kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kusadandaula pamaso pawo.

Ndinu munamva za madokotala a kafukufuku kumeneko. Ndinu munalemba makalata chaka chathunthu mpaka anawalandira. Sindidzaiwala tsiku limene munandijambulira papepala kuti ndimvetse: kalamba kakang'ono ka timawaya kogonekedwa pa mtsempha waukulu wa mu msana, kumusi kwa pothyoka paja, ndi kabatire konga bokosi la machesi pansi pa khungu. Munati timagetsi tochepa timadzutsa mitsempha imene inagona, kuti imvenso pamene mwini wake akufuna kusuntha.

Miyezi inayi anakhala nanu kumeneko. Madokotala amatumiza timagetsi, n'kufunsa kuti chagwedezeka ndi chala chiti, n'kulemba nambala. Mawa lake chimodzimodzi. Manambala onsewo, a thupi la a Rodgers okha pa dziko lonse, anawaika m'kachipangizo kam'manja kaja kamene kuno tinangokatcha kafoni.

Atabwera mu Juni, anzawo a ku Kalingalinga anawotcherera mapaipi awiri pabwalo pathu oti azigwirira. Tsiku loyamba ndinawakankha mpaka pamapaipipo. Anadina kachithunzi ka munthu woimirira, miyendo inanjenjemera, anakoka ndi manja, ndipo anadzuka. Alamu, ndinali nditaiwala kuti mwamuna wanga ndi wamtali.

Ine misozi ili chuchuchu, ndikudikira mawu aakulu othokoza Mulungu. Iwo anasuzumira pamwamba pa mpanda, n'kuona geti la aneba athu, n'kuti: “Nindani anawocha geti ija? Ni manyazi aya!” Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinadziwa kuti munthu wanga wabwerera.

Sindikunena kuti anachira, inunso mukudziwa. Amaima mphindi khumi, amaponda mapazi khumi ndi awiri atagwira mapaipi, thukuta lili kamukamu ngati alima munda. Akazimitsa kafoni, miyendo imagonanso. Komabe amakhala mowongoka pa mpando, amadya, amandinyoza kuti ndine wamfupi. Anayambanso kukamba zoti adzawotcherera mafelemu a mawindo ataimirira pa benchi.

Madokotala anatipatsa malamulo atatu, ndipo tinasayina tonse awiri. Kafoni kazitchajidwa ndi tchaja yake yokha. Munthu wina aliyense asakatsegule. Kakavuta, tiimbe foni kwa iwo, osati kwina. Wosunga kafoni anasankhidwa ine, poti ndine wosamala. Mawu amenewo munanena ndinu, alamu.

Kumayambiriro kwa Seputembala magetsi anapita masiku atatu osaphethira. Batire la m'thupi lija limakhalitsa, koma kafoni kanatha moto. A Rodgers anakhala masiku awiri osaima, nkhope ili ndwii. Tsiku lachitatu ndinakakulunga m'chitenje pamodzi ndi tchaja yake, n'kupita nako kumsika osawauza, ndikuti ndikawadabwitse madzulo.

Pamsika wathu pali a Dingani, bambo wachikulire ndithu, okonza mafoni. Ali ndi sola padenga la kantemba kawo, ndipo magetsi akapita Mtendere yense amasiya mafoni pamenepo, iliyonse ataimata kapepala ka dzina. Tchaja ya kafoni ili ndi mano atatu obulungira a ku Joni, ndipo kolumikizira kake ndinakaiwala pakhoma kunyumba. A Dingani anaitembenuzatembenuza n'kuti: “Osavutika bamayo, vinthu vonse vimadya malaiti yamozi.” Poti kwa iwo magetsi ndi amodzi, anatenga chingwe chawo n'kulowetsa.

Anandifunsa kuti ndi foni yamtundu wanji. Ndinati ndi ya amuna anga, inachokera ku Joni. Sindinawauze zoona chifukwa alongo anu sakonda kuti za m'chiuno mwawo zizikambidwa pamsika. Choncho a Dingani musawaimbe mlandu, anagwira ntchito yawo pa chinthu chimene ankachiyesa foni.

Nditabwerera masana ndinapeza kafoni katentha ngati chitumbuwa chochokera m'mafuta, galasi lake lili mbee, kosayankha chala. A Dingani anaseka n'kuti: “Kafiriza chabe aka. Tizakafulasha, manje manje kazauka.” Kufulasha, ngati mwaiwala zakwanu, ndiko kuchapa zonse za m'kati mwa foni kuti iyambirenso ngati yatsopano.

Nambala ya dokotala inali m'foni yanga. Yanunso inali momwemo. Sindinaimbe. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lonse.

Mwina mufunsa kuti mutu wanga unali kuti. Unali kuno kwathu, alamu. Kuno chinthu chikafa sitiimbira mwini fakitale, timapita nacho kwa munthu wa pansi pa mtengo. Wailesi, simbi, filiji, zonse zimadzukira pa benchi. A Dingani omwewo anadzutsa foni yanga itagwera m'ndowa. Ndinaganiza kuti akonza msanga, ndibwerera kunyumba, ndipo palibe adzadziwe kuti ndinaphwanya lamulo loyamba. Pofuna kubisa loyambalo ndinaphwanya lachiwiri ndi lachitatu.

Anatsegula kumbuyo ndi kasikuludiraiva, anachotsa batire, anabwezera, analumikiza ku kompyuta yawo. Kafoni kanayakadi, tizithunzi tonse tili m'malo mwake, munthu woimirira, munthu woyenda. Pondipatsa anati: “Vamukati vaenda, manamba na vonse, koma kali che bwino.” Iwo ankanena manambala a anthu oimbira. Ine ndinakumbukira manambala a madokotala aja, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina manambala a a Rodgers amakhala kwina.

Kunyumba a Rodgers anasangalala ngati mwana. Ndinati ndakatchajitsa kwa mnzanga wa sola, ndi tchaja yake. Anadzikankha okha mpaka pamapaipi, anadina, kanyali kobiriwira kanayaka. Miyendo sinagwedezeke. Anadinanso, anakoka ndi manja mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, koma anagweranso pa mpando. Anayesa mpaka mthunzi wa mpanda unafika pakhomo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti sanakayikire kafoni ngakhale pang'ono. Kanali kuyaka bwinobwino. Ankayang'ana miyendo yawo.

Patapita masiku awiri tinalankhula ndi dokotala wamkazi wa kafukufuku pa foni ya kanema. Anafunsa ngati kafoni kanagwa pansi, ngati kananyowa, ngati wina anakagwira. A Rodgers anatembenukira kwa ine, wosunga. Ndinati ayi, ayi, ayi. Dokotala anati ngati zili choncho mwina timawaya tasuntha m'kati, kapena mnofu wamera pamwamba pake, poti kwa anthu ena zimachitika. Anati abwere mu Januwale adzawajambule. Pa mawu onsewo alongo anu anatolapo amodzi okha, akuti thupi lawo lakana.

Tsiku lomwelo munaimba inu. Ndinalira, ndipo munandilimbikitsa kuti ndine mkazi wolimba, kuti banja lanu linachita mwayi kundipeza. Ndinkalira chifukwa cha manyazi, alamu, ndipo mawu anu abwinowo ankandiwotcha.

Ndinkaopa zambiri. Ndinkaopa kuti madokotala akamva zoti tinaphwanya pangano awachotsa pa kafukufuku. Ndinkaopa inu, ndi chaka chanu chonse cha makalata. Koma kwenikweni ndinkaopa nkhope ya a Rodgers akadzadziwa kuti miyezi inayi ya ululu inachapidwa pa benchi ya mafoni, pakati pa ogulitsa tomato ndi ometa tsitsi. Ndinkati ndinena mawa. Mawa limenelo lakwana masabata asanu ndi limodzi.

Pa masabata amenewa ndaona munthu akuzima pang'onopang'ono. Anasiya zolimbitsa miyendo zimene ndinkawachititsa m'mawa uliwonse. Ndikafuna kuwawongola maondo amati ndisadzivute. Chakudya amangochigwiragwira. Sakufuna kutembenuzidwa, ndipo pa thako la kumanzere payamba kufiira, inu mukudziwa kumene zimenezo zimathera. Chigoba chawo chakumaso chowotchererera, chimene anachisunga zaka zitatu zonsezi, anapatsa mnzawo sabata yatha.

Lolemba masana ndikuchokera kumsika anandiitana ndi dzina langa. Chibadwire cha Tiwo sananditchulepo Salome, nthawi zonse ndine amake Tiwo. Anandiuza kuti ndikhale pa mpando. Ndilemba monga ananenera, chifukwa mawuwo sakuchoka m'khutu mwanga.

“Salome, nakuvutisa maningi. Ukali mwana iwe. Madokotala banachita vao, basisi banachita vao, iwe unachita kupitilila. Ni thupi yanga chabe yakana. Naitana ba Chilekwa pa Chiweru bakumasule, ine bazanipeleka kumunzi kuli bamayo.”

A Chilekwa mukuwakumbuka, ankhoswe athu aja, amene kuno amati bashibukombe, omwe ananyamula mbale zofunsira ukwati kupita kwa makolo anga. Akubwera mkuja, Loweruka, kudzamasula chimene anamanga. Alongo anu akufuna kukagonekedwa pa mphasa kwa amayi ku Mchinji, kumene kulibe mapaipi, kulibe dokotala, ndipo amayiwo sangathe ngakhale kuwatembenuza.

Ndinakana, ndinalira, ndinati sindipita kulikonse. Anandigwira dzanja n'kundithokoza. Anandithokoza, alamu! Anati palibe mkazi wina akanasamala kafoni kaja ngati mwana monga ndinachitira ine. Ndinatuluka panja n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Mwamuna wanga akudziweruza yekha pa mlandu umene ndinapalamula ine, ndipo akufuna kundipatsa ufulu ngati mphatso. Ine sindikufuna ufulu umenewo. Ndimawakonda alongo anu, ndinawakonda ali chilili, ndimawakonda ali pa njinga.

Chonde, mukawerenga kalatayi muwaimbire foni muwauze ndinu. Inu amakumverani. Ine ndikangoyesa ndikulephera. Ndayamba ndalekeza apa, akundiitana.

Lachisanu masana

Alamu, ndawerenganso zimene ndinalemba dzulo ndipo ndadziseka. Kalatayi ikufikani Lolemba, a Chilekwa akubwera mawa. Kodi ndinkaganiza kuti basi ya a Eugene ili ndi mapiko? Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kukusenzetsani katundu wanga, monga ndinasenzetsera msana wa a Rodgers. Sinding'amba mapepala adzulowo, muone nokha mantha a mlamu wanu.

Lero sindinapite kumsika. Tiwo atangopita kusukulu ndinatenga kafoni, ndinagwada pafupi ndi njinga yawo monga alangizi anandiphunzitsira, n'kukaika pamiyendo pawo. Ndinanena zonse, kuyambira tchaja ya mano atatu mpaka ayi atatu amene ndinauza dokotala. Sindinadzichepetsere mlandu, ndipo maso anga anali pansi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati ndiwapatse magalasi awo. Anatembenuza kafoni, n'kuyendetsa chikhadabo pa tisikuluwu takumbuyo. Mmisiri ndi mmisiri, alamu. Mawu oyamba anali akuti tisikuluwu tadyeka, munthu anatsegula ndi chida cha saizi ina.

Atatero anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu: “Manje si ine?”

Ndinati si inu. Anafunsanso ngati msana wawo sunakane. Ndinati za m'kati mwa msana adziwa ndi madokotala, sindikufuna kunamanso, koma chimene ndikudziwa ine n'chakuti kafoni kanafera pa benchi ya a Dingani kasanafike m'manja mwa a Rodgers.

Anagwira maondo awo ndi manja onse awiri n'kuyamba kulira. Tsiku limene anathyoka msana sanalire choncho. Ankaisisita miyendo ija ngati kholo limene lamenya mwana wosalakwa, akuti pepani, pepani. Ndinamva pamenepo kuti masabata onsewa, ine ndikakhala kumsika, ankaitukwana.

Misozi itauma, mkwiyo unafika, ndipo unafika wonse. “Masabata sikisi, amake Tiwo! Masabata sikisi unipenya nikufa, uli zii!” Aneba anamva, ngakhale a geti lokhota aja. Ananena zambiri zimene sindilemba pano. Anati kulakwitsa kafoni akanakumvetsa, poti iwonso anawonongapo zinthu za anthu poyesa kukonza, koma kuwasiya akhulupirire kuti thupi lawo lafa kachiwiri, chimenecho sachimeza lero kapena mawa. Panalibe bodza pa zimene ankanena.

Atatopa ndinafunsa, ndili chigwadire, ngati ndikawauze a Chilekwa kuti asabwere. Anamenya dzanja pa njinga n'kuti: “Babwele! Nili na mulandu na iwe. Uzakamba weka pamenso pao.”

Alamu, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ngakhale ndinabisa nkhope. Mwambo wathu mukuudziwa. Mwamuna amene akukusiya amaitana ankhoswe kuti athokoze ndi kumasula. Amene akukutengera mlandu kwa ankhoswe akufuna kuti mlanduwo uweruzidwe, nyumba ipitirire. Mawa ndikhala pansi pa simenti, mutu uli pansi, a Chilekwa andikalipira mpaka makutu kutentha, ndipo mwina andilamula nkhuku yopepesera. Chibadwire sindinadikirepo mlandu ndi mtima wofuna chonchi.

Tsopano pempho langa lasintha. Musawaimbirenso kuti muwauze, ndawauza ndekha. Koma pitani kwa dokotala wamkazi uja, mumufotokozere zonse, ngakhale kumuwerengera kalatayi. Mutchule dzina langa, osati lawo, chifukwa a Rodgers sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi. Mufunse ngati manambala aja anawasunga m'makompyuta awo, ndiponso ngati chingwe cha a Dingani sichinawononge zina. Akati wosunga kafoni akhale wina, ndivomera. Akati atichotsa pa kafukufuku, mundiuze mosazungulira, ndipo ndidzawauza alongo anu tsiku lomwelo, ndi pakamwa panga.

Mufunsenso za pofiira paja, chimene ndingapakepo pamene tikudikira. Lero alola kuti ndiwatembenuze.

Inunso muli ndi mlandu ndi ine, ndikudziwa. Munandikhulupirira ndipo ndinakunamizani pamene munkandipukuta misozi. Mundikalipire mmene mungathere, pa foni kapena papepala, kukhululuka mudzachite pamene mtima wanu wafuna. Ndine wolakwa, koma ndikadali wanu.

Pamene ndikulemba pano sakundilankhula. Ndikafunsa kanthu akuyankha khoma. Koma masana ano amaliza mbale yonse ya mpunga ndi kapenta, ndipo posachedwapa auza khoma lomwelo kuti maondo awo akhala masabata ambiri osawongoledwa, ngati m'nyumba muno muli munthu wa manja abwere. Ndiye ndisiye cholembera, ndipite.

Mundiperekere moni kwa ana onse, ndi kwa anamwino anzanu amene ankatiphikira tili kumeneko. Tiwo akuti azakhali asaiwale nsapato zimene analonjeza. Mulungu amene anakupatsani mtima wosatopa akusungeni, akudalitseni pa ntchito yanu, ndipo atsegule makutu a madokotala mukamakalankhula. Mawa cha m'ma teni mutikumbukire m'pemphero, ngakhale kalatayi idzakhala ikadali pamsewu.

Ndine mlamu wanu,
Salome, amake Tiwo